Kuphunzira "in", "on" ndi "at" m'misewu ya Lilongwe

Munthu akafunsa njira mu Lilongwe, si kawirikawiri kumutchulira dzina la msewu kapena nambala ya nyumba. Timamuuza kuti atsike pasiteji ya pachigayo, awoloke msewu, adutse kuseri kwa tchalitchi, ndipo geti lomwe akufuna aliona moyang'anizana ndi mjigo. Njira yonseyo yagona pa timawu tosonyeza malo, timene m'galamala timatchedwa aperekezi. Pachichewa sitiphonya. Tikalowa m'Chingerezi ndi pomwe ngakhale wophunzira wakhama, wodziwa aneni ndi mayina ambirimbiri, amayamba kudodoma. Mafunso otsatirawa ndi omwe amabwera mobwerezabwereza kuchokera kwa ophunzira, ndipo tiwayankha poyenda m'malo odziwika a likulu la dziko lino.

N'chifukwa chiyani timawu tating'ono chonchi timavuta kuposa mawu ataliatali?

Chifukwa zinenero ziwirizi zimagawa malo mosiyana. Ife tili ndi pa, ku ndi mu, ndipo atatuwa ndi amphamvu moti amalamulira chiganizo chonse. Tamverani: pamsika pali anthu, kumsika kuli anthu, mumsika muli anthu. Msika ndi umodzi womwewo, koma woyamba akuuloza ngati malo enieni omwe ali nawo pafupi, wachiwiri ali patali nawo, wachitatu akunena za m'kati mwa mpanda. Mwana wa zaka zisanu amasiyanitsa zimenezi popanda womuphunzitsa. Choncho woyankhula Chichewa safika ku Chingerezi chimanjamanja. Khutu lake lidazolowera kale kumva kusiyana kwa malo, ndipo mphunzitsi wanzeru amayambira pomwepo.

Chosokoneza ndi kamndandanda komwe ana ambiri amaloweza ku pulayimale, kakuti mu ndi "in", pa ndi "on", ku ndi "at". Mzere woyambawo umathandiza nthawi zambiri. Wachiwiri umathandiza mwa apo ndi apo, poti pa wathu nthawi zina amasanduka "at": buku lili patebulo ndi "on the table", koma anthu ali pasiteji ndi "at the bus stop". Wachitatuwo ndiye wosocheretsa, chifukwa ku alibe mnzake m'Chingerezi. Ku amaonetsa kuti malowo ali patali ndi woyankhula kapena kuti ndi dera chabe, pamene Chingerezi sichiyang'ana kutalika posankha mperekezi. Chimafunsa mafunso ena. Kodi malowa akuzungulirani? Ngati ndi choncho, "in". Kodi mwakhudza pamwamba pake, kapena malowo ndi otambalala ngati mzere? "On". Kodi mukungowatchula monga poima, pokumanirana kapena pogwirira ntchito? "At". Ndipo ngati mukuyenda kulowera kumeneko, atatu onsewa amapatuka, pamabwera "to". Ndili ku Lilongwe ndi ndikupita ku Lilongwe ndi ziganizo za ku mmodzi yemweyo, koma m'Chingerezi choyamba chimafuna "in", chachiwiri "to".

Ndiye ndikakhala ku Lilongwe ndizinena kuti "in Lilongwe" nthawi zonse?

Pafupifupi nthawi zonse. Mzinda, boma, chigawo ndi dziko ndi malo a malire okuzungulirani, motero timati "in Lilongwe", "in the Central Region", "in Malawi". Chimodzimodzi madera a mumzindawu. Lilongwe adagawidwa m'ma Area a manambala, ndipo madera ena amadziwika kwambiri ndi mayina awo, monga Kawale, Biwi, Mchesi ndi Chinsapo. Onsewa ndi "in": "My aunt lives in Kawale", "He rents a house in Area 25".

Mzindawu uli pawiri. Kuli Old Town, tauni yakale ya msika, depoti ndi mashopu, ndiye kuli City Centre, yomwe idamangidwa pokonzekera kuti likulu lichoke ku Zomba. Konse kuwiri ndi "in". Chiganizo chimodzi cha mbiri yathu n'chofunika kuchisunga pamtima chifukwa chanyamula aperekezi atatu: "The capital moved from Zomba to Lilongwe in 1975."

"At Lilongwe" imamveka pokhapokha mzindawo ukutengedwa ngati poima paulendo wautali, monga basi yochoka ku Blantyre kupita ku Mzuzu: "The bus stops at Lilongwe." Musavutike nayo, poti ngakhale pamenepa "in" si wolakwika.

Pali kanthu kena kamene kamayendera limodzi ndi nkhaniyi. Mneni wathu kukhala timakonda kumunena kuti "stay", ndiye mumva "I stay in Area 25". Kuno kwathu aliyense amamva, ngakhalenso ku Zambia ndi ku South Africa amatero. Koma munthu wa ku London akamva "stay" amaganiza za mlendo wogona masiku ochepa. Pamayeso ndi pakalata yofunsira ntchito lembani "live".

Nanga "at" ntchito yake ndi yotani, poti mwati si ku?

Tiyeni ku bwalo la zamasewero la Bingu ku Area 48, lomwe lidatsegulidwa mu Januwale 2017 ndipo mumalowa anthu oposa 40,000. Ndi tsiku lomwe Flames ikusewera, mnzanu waimba foni kufunsa komwe muli. Mukayankha kuti "I am at the stadium", mwamuuza kuti mwafika. Mwina muli pamzere wolowera, mwina mukugula chimanga chootcha panja pa geti, mwina mwakhala kale pampando. "At" safotokoza zonsezo, amangokuikani pamalopo ndi pa chochitikacho. Mukati "I am in the stadium", ndiye kuti mwadutsa pageti, makoma akuzungulirani, ndipo mnzanuyo asakufuneninso panja. Osewera ndi woyimbira okha ndi amene ali "on the pitch", poti mapazi awo aponda pakapinga.

Bwalo ndi limodzi, aperekezi ndi atatu, ndipo aliyense akunena zoona zake. Apa ndi pomwe ophunzira ambiri amakhumudwa, amafuna awuzidwe kuti liwu lakutilakuti limayenda ndi mperekezi wakutiwakuti basi. Koma kumbukirani pamsika, kumsika ndi mumsika. Kusankha malinga ndi momwe mukuwaonera malowo ndi ntchito yomwe mumaichita tsiku lililonse m'chinenero chanu.

N'chifukwa chake malo ogwirira ntchito, ophunzirira ndi ochitira misonkhano amakonda "at". Maunduna a boma ali ku Capital Hill, ndipo timati "She works at Capital Hill" ngakhale dzinalo likunena za chitunda, chifukwa tikutanthauza maofesi. Mukafuna kunena za chitunda chenichenicho ndi pomwe mungati "The offices stand on a hill". Momwemonso "at the Reserve Bank", "at the Bingu International Convention Centre", "at the roundabout", "at the gate". Mlimi wa fodya amene wapita kukaona malonda ku okushoni ali "at the auction floors in Kanengo". Taonani dongosolo lake: malo aang'ono atsogola ndi "at", dera lalikulu latsatira ndi "in". Chingerezi chimakonda kuyala malo motero, ndipo mukazolowera mudzatha kunena "at the depot in Old Town" kapena "at a clinic in Area 18" osaganiza kawiri.

Ndidamva wina akuti "in hospital", wina "at the hospital". Wolondola ndani?

Onse awiri, koma akunena zosiyana. Ku Kamuzu Central Hospital, komwe ambiri amangoti ku Sentolo, mayi amene wagonekedwa muwodi ali "in hospital", popanda "the". Mwana wawo amene akuwadikirira, gadiyani amene amaphika phala m'mamawa ndi kugona pansi pambali pa bedi, ali "at the hospital". Namwino nayenso "works at the hospital". Mukalembera abwana anu uthenga wakuti "I am in hospital" pomwe mwangopita kukazonda wodwala, muwadetsa nkhawa pachabe.

Ndende ya Maula ilinso chimodzimodzi. Mkaidi ali "in prison", pamene m'bale wake wodzamupatsira chakudya ali "at the prison". Anthu a ku America amati "in the hospital" ponena za wodwala, ndipo mudzazimva m'mafilimu, koma sukulu zathu zimatsata kalembedwe ka ku Britain.

Ife timati mumsewu, m'basi, koma ndimamva "on the road", "on the bus". Apa mu wapita kuti?

Apa ndi pomwe mu amakugwiritsani mwala. Chingerezi chimaona msewu ngati mzere womwe zinthu zandandalika pa iwo. Msewu wa M1, womwe umachokera kummwera, kudutsa mu Lilongwe n'kumapita kumpoto, ndi chitsanzo chabwino: "Kanengo is on the M1." Momwemonso "on Malangalanga Road", "on Presidential Way". Mukamva "in the road", kawirikawiri ndiye kuti chinthu chatchinga njira, monga mbuzi yomwe yaima pakati pa msewu: "There is a goat in the road."

Mtsinje nawonso ndi mzere. Damu la Kamuzu ku Malingunde, lomwe limasunga madzi omwe mzindawu umamwa, lili "on the Lilongwe River". Chomwe chili "in the river" chili m'madzi, chanyowa.

Pa zokwera, kalozera wake ndi uyu: chomwe mungaimirire ndi kuyendamo chimatenga "on", ndiye "on the bus", "on the plane", "on the train". Galimoto yaing'ono yomwe mumalowa chowerama n'kukhala pansi imatenga "in": "in a car", "in a taxi". Njinga, kaya yakapalasa kaya yamoto, ndi "on", poti mumakhala pamwamba pake, motero wokwera kabaza ali "on a bicycle taxi". Minibasi ili pakatikati, mudzamva zonse ziwiri ndipo palibe angakudzudzuleni. Aneni ake amatsata mperekezi: "get on" ndi "get off" pa basi, "get in" ndi "get out of" pa galimoto.

M'nyumba zosanjikiza monga Kang'ombe House ku City Centre, nsanjika iliyonse ndi "on": "The office is on the third floor." Chenjerani powerenga. Pakalembedwe ka ku Britain, pomwe mwalowera kuchokera panja ndi "ground floor", ndipo "first floor" mumaipeza mutakwera masitepe kamodzi.

Pafupi ndi tinganene bwanji? Ndimaona "near", "next to", "beside", "by", zonse ngati zofanana.

Zimasiyana pa kuyandikira kwake. Dr Hastings Kamuzu Banda adamwalira mu 1997, ndipo chiliza chawo chidatsegulidwa mu 2006 ku City Centre. Nyumba ya Malamulo yatsopano, yomangidwa ndi thandizo la dziko la China, idatsegulidwa mu 2010 pambali pake. Ziwirizi n'zogundizana malire, choncho "The mausoleum is next to the Parliament Building". "Beside" akunena zomwezo, kungoti amamveka wa m'buku pang'ono. Capital Hill ili chapafupi koma muyenera kuyendako ndithu, ndiye "near". "By" ndi wa poyankhula, wosanena mwatchutchutchu: "Wait for me by the gate."

Chomwe chimakola ambiri ndi ndi wathu wa pafupi ndi. Timafuna kumunyamula, ndiye pamatuluka "near with". Palibe Chingerezi chotero. "Near" amaima yekha: "near the market". "Next" ndi "close" ndi amene amafuna "to": "next to the bank", "close to the bank". Ndipo "besides", wokhala ndi s kumapeto, sanena za malo ayi, amatanthauza kuwonjezera apo.

Mu Lilongwe mawuwa ndi ofunikadi chifukwa manambala a ma Area sakuuzani kuti dera liti layandikana ndi liti. Mlendo angaganize kuti Area 43 ili kutali ndi Area 10, chonsecho "Area 43 is next to Area 10", monganso Area 3 ndi Area 9.

Mukafika pachilizapo, yang'anani zipilala zinayi zokumbutsa ngodya zinayi za ulamuliro wa Kamuzu: umodzi, kukhulupirika, kumvera ndi kusunga mwambo. Cholembedwa pachipilala kapena pakhoma chili "on the pillar", "on the wall", ngakhale khomalo laimirira. "On" safuna kuti chinthu chikhale chogona, amangofuna kuti chikhudze.

Kodi "in front of" ndi "opposite" si chimodzimodzi? Zonse zili kutsogolo kwanga.

Ayi. Cha ku Area 18 kuli nsanja yayitali yokumbukira asilikali omwe adafa pa nkhondo, ndipo patsogolo pake paima chiboliboli cha Kamuzu. "The statue stands in front of the tower", ndipo mukatembenuza, "The tower is behind the statue". Ziwirizi zili mbali imodzi, china patsogolo pa chinzake. "Opposite" ndi kuyang'anizana, ndipo pakati pamakhala msewu, tebulo kapena mpata wina. Golosale yomwe ili tsidya lina la msewu, khomo lake kupenyana ndi geti la sukulu, ili "opposite the school". Mayi wogulitsa mandasi amene wakhala pageti pomwepo ali "in front of the school". Njira yachidule yokumbukira ndi iyi: wokhala "in front of you" m'minibasi mumamuona nkhongo, wokhala "opposite you" patebulo mumamuona nkhope.

Kaliwu kamodzi kamasinthanso zinthu. Wokhala pafupi ndi dalaivala ali "in the front of the minibus", kutanthauza mbali ya kutsogolo ya m'kati. Woima "in front of the minibus" ali panja, pamsewu, ndipo dalaivala ayenera kuponda buleki.

Kumbuyo kwa ndi kuseri kwa, onse ndi "behind", ndipo safuna "of". Ali kumbuyo kwanga ndi "He is behind me". Ambiri amati "He is at my back", potsata Chichewa liwu ndi liwu, ndipo imeneyi aphunzitsi ochonga mayeso amaidula. "At the back of" ilipo ndithu, koma imanena za mbali ya kumbuyo ya m'kati mwa chinthu: ophunzira aatali amakhala "at the back of the classroom".

Pakati pa ndi "between" kapena "among"?

Zimatengera ngati zinthuzo mukuziona chimodzichimodzi kapena ngati gulu. Malo osamalira nyama zakutchire a Lilongwe Wildlife Centre ali m'nkhalango yomwe idasiyidwa dala m'mbali mwa mtsinje wa Lingadzi, pa msewu womwe ambiri amaudziwa kuti Kenyatta. "It lies between Old Town and City Centre." Mbali ziwiri zatchulidwa, ndipo zalumikizidwa ndi "and", osati "to". Mukalowa m'nkhalangomo, anyani ali "among the trees", chifukwa mitengoyo simukuiwerenga.

Ena amaphunzitsa kuti "between" ndi wa zinthu ziwiri zokha. Si zoona kwenikweni. Zikatchulidwa mayina, zitha kukhala zitatu: "Malawi lies between Tanzania, Mozambique and Zambia." Pakatikati penipeni pa chinthu chimodzi ndi "in the middle of", monga "in the middle of the roundabout".

Pamwamba ndi pansi pali mawu angati? Ndimasokonezeka ndi "over", "above", "under", "below".

Tsikirani ku msika wa Tsoka m'mbali mwa mtsinje wa Lilongwe. Kumeneko kuli timilatho ta mitengo ndi matabwa tomwe anthu adadzikhomera okha, ndipo wowoloka amalipira kangachepe. Imani kanthawi muone mayi wina akubwera, dengu la tomato pamutu, mwana kumsana, matabwa akulira pansi pa mapazi ake. Dengulo lili "on her head", chifukwa lakhudza. Mwana ali "on her back". Mlatho uli "over the river", chifukwa wadutsa pamwamba pa madzi kuchokera tsidya lino kufika tsidya linalo osawakhudza. Madzi akuyenda "under the bridge". Mayiyo akuyenda "across the bridge". Anyamata a kaunjika omwe andandalika m'mbali mwa mtsinje ali "along the river", ndipo anzawo a tsidya lija ali "across the river". Mtsinjewo, womwe umachokera ku mapiri a Dzalanyama ndipo udapatsa mzindawu dzina, ukuyenda "through the city". Mwaima malo amodzi, koma mwaona aperekezi asanu ndi mmodzi akugwira ntchito, ndipo palibe amene angalowe m'malo mwa mnzake.

"Over" ndi "under" ndi apawiri, amanena za cholunjika pamwamba kapena pansi pa chinzake, makamaka chikamadutsa kapena kuphimba. Ku Area 18, pomwe kale padali raundabauti, tsopano msewu wina umadutsa pamwamba pa unzake: "One road passes over the other." "Above" ndi "below" nawonso ndi apawiri, koma amangoyerekeza kukwera ndi kutsika kwa malo. Lilongwe ali pa mtunda wa mamita pafupifupi 1,050 kuchokera pa mulingo wa nyanja yamchere, ndipo izi ndi "above sea level". Apa "over" sangalowe. Ofesi ya pansanjika yachinayi ili "above" ya pansanjika yachiwiri, ngakhale itakhala mbali ina ya nyumbayo.

Pansi wathu ndi amene amafuna kusamala kwambiri, chifukwa amagwira ntchito zingapo. Pansi pa tebulo ndi "under the table". Koma wogulitsa amene wayala anyezi pansi wawaika "on the ground", ndipo m'nyumba zikadakhala "on the floor". Mukati "under the ground" mwawakwirira m'dothi. Khalani pansi ndi "sit down", ikani pansi ndi "put it down".

Bwanji aphunzitsi adandidula nditalemba kuti "I am going in town" ndi "I went to home"?

Chifukwa ziganizo zonse ziwiri zili ndi Chichewa kunsi kwake. Ife timati ndikupita m'tauni, mu ali pomwepo ngakhale tikuyenda, poti mneni ndi amene wanyamula ulendowo. Chingerezi chimafuna kuti mperekezi nayenso aonetse kuyenda: "I am going to town" kapena "into town". "In town" ndi ya munthu amene wafika kale.

"Home" ndi liwu lapadera. Pomwe pali kuyenda silifuna mperekezi: "I went home." Mukakhala kuti mulipo ndi pomwe mumati "I am at home".

Palinso aneni atatu ofunika kuwadziwa bwino, ndipo bwalo la ndege la Kamuzu ku Lumbadzi litithandiza. "Arrive" amatenga "at" pa malo aang'ono ndi "in" pa mzinda kapena dziko: "They arrived at the airport", "They arrived in Malawi". Satenga "to". "Reach" ndi "enter" satenga kalikonse: "We reached Lumbadzi", "She entered the building". Kufika pa ndi kulowa mu ndi zomwe zimatikoka kuti tiwonjezere "at" ndi "in" pomwe sakufunika.

Bwaloli lili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 25 kumpoto kwa mzinda, ndipo kumpoto kwa nakonso kuli pawiri. "The airport is north of the city" ikutanthauza kuti mwatuluka mumzinda kulowera kumpoto. "Mzuzu is in the north of Malawi" ikutanthauza kuti Mzuzu ali m'kati mwa dziko, mbali ya kumpoto. Mukachotsa "in the" n'kunena kuti "Mzuzu is north of Malawi", mwausamutsira mzindawo ku Tanzania.

Poti anthu amandimva ndithu ngakhale ndilakwitse, n'kuvutikiranji? Ndipo ndingaphunzire bwanji popanda kungoloweza?

N'zoona kuti pocheza amakumvani, ndipo munthu asaleke kuyankhula Chingerezi poopa "in" ndi "at". Mantha otere aphetsa luso la ana ambiri m'kalasi. Koma satifiketi ya MSCE siituluka ngati Chingerezi simudakhoze, ndipo mafunso a aperekezi sasowa pamayeso a MANEB. Kupatula mayeso, pali ntchito zomwe kaliwu kamodzi kamasintha zochita za munthu: dalaivala amene wauzidwa kudikira "opposite the bank" koma waima "in front of the bank", namwino wolemba pomwe pali bala, "above the knee" kapena "below the knee", wapolisi wolemba lipoti la ngozi, wolondolera alendo odzaona dziko.

Mabuku ambiri amaphunzitsa ndi chithunzi cha mphaka ali m'bokosi, pabokosi, kuseri kwa bokosi. Chithunzicho n'chothandiza sabata yoyamba, koma sichingakuuzeni chifukwa chake wodwala ali "in hospital" kapena chifukwa chake Kanengo ali "on the M1". Mapu a mizinda yakunja yomwe mwana sadaiwonepo amamupatsa ntchito ziwiri nthawi imodzi, kuganizira malowo ndi kusankha mperekezi. Malo omwe mapazi anu amawadziwa amachotsa ntchito yoyambayo. Tengani ulendo umodzi womwe mumayenda kawirikawiri muulembe m'ziganizo zingapo. Wochoka kudepoti kupita ku City Centre angalembe chonchi: "I got on a minibus at the depot in Old Town. We went over the bridge and turned into Kenyatta Road. We drove past the Wildlife Centre. I got off near the Reserve Bank and met my uncle in front of his office."

Mukatha, dulani mzere kunsi kwa mperekezi aliyense, ndipo dzifunseni chifukwa chake ali pamenepo: kodi malowa andizungulira, ndawakhudza pamwamba, ndi poima chabe, kapena ndikuyenda? Kenako perekani pepalalo kwa mnzanu ajambule njirayo osakufunsani kanthu. Pomwe wasochera ndi pomwe pali mperekezi wofunika kukonza.

Mphunzitsi wa ku Nsanje kapena ku Chitipa, amene ana ake sadafikepo ku likulu, asadikire ulendo wa ku Lilongwe. Atuluke nawo anawo kupita pa tiredingi senta yapafupi, awaimike pamphambano, ndipo aliyense anene m'Chingerezi komwe kuli chigayo, mjigo, chipatala ndi mtengo wa mango womwe akabaza amadikirira anthu.